Tayala losaphwa lilipo kale, nanga tikupoperanji mpaka lero?

Pafupi ndi msika uliwonse ku Salima, ku Mangochi kapena ku Mchinji mupezapo munthu wokonza njinga atakhala pansi pa mtengo. Zida zake n'zodziwika: pampu, beseni la madzi akuda bii, kachitini ka solushoni, ndi mulu wa machubu akale odulako zigamba. Wakabaza akafika akukankha njinga, safunsana zambiri. Chubu chimatulutsidwa, n'kupopedwa pang'ono, kenako n'kumamizidwa m'madzi chigawo ndi chigawo mpaka thovu litayamba kutuluka. "Ndi apa achimwene, munga." Amakhula pamalopo, n'kupaka solushoni, n'kumauzira kuti iume msanga. Nthawi yonseyi wakabaza maso ali kumsewu, kuona anzake akunyamula makasitomala ake.

Munthu ukaona zimenezi kawiri katatu, funso limabwera lokha. Dziko lapanga foni yoti ukuona nkhope ya m'bale wako ali ku Johannesburg, koma lalephera kupanga tayala losaopa munga? Yankho lake n'lakuti tayala lotero lilipo, ndipo ndi lakale kuposa lopopa lomwe. Anthu analisiya dala, ndipo chimene analisiyira ndi chomwecho chikuvutitsa makampani akuluakulu amene akufuna kulibweza lero.

Njinga zoyambirira za ku France m'zaka za m'ma 1860 zinali ndi mawilo amatabwa okutidwa ndi chitsulo, ngati a ngolo. Angelezi anazipatsa dzina lotanthauza chogwedeza mafupa, ndipo dzinalo silinali lanthabwala. Kenako kunabwera matayala a labala yekhayekha, opanda mphako, amene anachepetsako ululuwo koma osauthetsa. Munthu wina wa ku Scotland, Robert William Thomson, anali atalembetsa kale luso la tayala lopopa mu 1845, n'kuliyesa pa ngolo zokokedwa ndi akavalo, koma linali lodula ndipo linaiwalika. Amene analidzutsa anali dokotala wa ziweto, John Boyd Dunlop, yemwe ankakhala ku Belfast. Mu 1887 anapangira mwana wake tayala lopopa la kanjinga ka mawilo atatu, ndipo mu 1888 analembetsa lusolo, asakudziwa kuti Thomson anamutsogolera.

Nkhani ya momwe Dunlop analiyesera ndiyofunika kuigwira, chifukwa muli phata la zonse. Akuti anagubuduza mawilo awiri pabwalo la nyumba yake. La labala yekhayekha linayenda pang'ono n'kugwa. Lopopa linapitirira mpaka kukagunda pageti n'kubwerera. Zindikirani kuti sanali kuyesa kufewa kwa tayala, koma kutalika kwa mtunda womwe wilo limafika ndi mphamvu imodzimodzi. Mu 1889 Willie Hume anapambana mipikisano ya njinga ku Belfast ndi matayala a Dunlop, anthu amene ankamuseka poyamba ali kukamwa yasa. Mu 1891 abale awiri a ku France, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala lopopa lotheka kulichotsa pa limu n'kulimata, ndipo Charles Terront anapambana nalo mpikisano wochoka ku Paris kukafika ku Brest n'kubwerera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,200. Pasanathe zaka zambiri tayala losapopa linali litasowa pa njinga. Choncho tayala lopopa linapambana ngakhale aliyense ankadziwa kuti limaphwa.

Kupambana kumeneku kuli ndi mbali yake yowawa kwa ife a mu Africa. Njala ya labala imene inatsatira ndi imene inachititsa kuti anthu a ku Congo, pansi pa ulamuliro wa mfumu Leopold II ya ku Belgium, azikakamizidwa kukolola labala wam'tchire, ndipo ambiri anaphedwa kapena kudulidwa manja midzi yawo ikalephera kukwanitsa mlingo. Koma imeneyo ndi nkhani yofuna tsiku lake.

Mpweya umagwira ntchito yanji kwenikweni

Ambiri timaganiza kuti mpweya ndi chodzazira chabe, choti tayala lisakhale lafulati. Ukanakhala wotero, bwenzi kuika udzu kapena sanza m'tayala kukugwira bwino lomwe. Aliyense amene anayesapo, pampu itasowa pakati pa ulendo, akudziwa kuti njinga imayenda ndithu, koma imalemera ngati ukupalasa mumchenga.

Taganizani za mpira wachikulunga ndi mpira wopopa. Muponye yonse iwiri pansi pouma. Wachikulunga umangoti phwa n'kukhala pomwepo, wopopa umadumpha kubwerera m'manja. Yonse iwiri yafinyika pogunda pansi, kusiyana kwake n'kwakuti wopopa wabweza mphamvu yomwe unalandira, pomwe wachikulunga waimeza. Mphamvu yomezedwayo sisowa, imasanduka kutentha.

Tayala likamagubuduzika, kachigawo kamene kakukhudza pansi kamafinyika, n'kubwerera m'malo mwake kakachoka pansipo. Wilo la njinga wamba limazungulira maulendo opitirira 400 pa kilomita imodzi, ndipo ulendo uliwonse kachigawo kalikonse kamafinyika kamodzi. Ngati chofinyikacho ndi mpweya ndi khungu lopyapyala la tayala, mphamvu yotayika ndi yochepa. Ngati ndi labala wochindikala kapena siponji yolimba, pamatayika yambiri, ndipo amene amalipira ndi miyendo ya wopalasa. Pa galimoto amalipira ndi mafuta.

Chachiwiri n'chakuti mpweya wonse wa m'tayala umagwirira ntchito pamodzi. Mukaponda kamwala, tayala limakamezera mkati, mpweya wa pamalopo n'kungosunthira kwina, ndipo kukakamiza kwa mpweya m'tayala monse sikusintha kwenikweni. Njinga imadutsa osadumpha. Tayala la siponji lilibe kothawitsira. Kachigawo kamene kaponda mwala kamalimbana nawo kokha, ndipo kakamafinyika kwambiri kamaumiranso kwambiri. Zotsatira zake, njinga yonse pamodzi ndi katundu wake imakwera pamwamba pa kamwala kaja n'kutsikanso. Kukweza katundu kumeneko kumadya mphamvu, ndipo kugunda kwake kumadutsa mu limu, masipoko, felemu mpaka kumsana.

Tichiteko masamu pang'ono, pongoyerekeza. Wakabaza wa makilogalamu 65, kasitomala wa 70, njinga ya 25: zonse pamodzi 160. Tinene kuti wilo lakumbuyo lasenza 110. Ngati tayala lapopedwa kufika pa mabaa 4, ndiye kuti mpweya ukukankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 4 pa kabokosi kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Tayalalo lidzaphwatalala mpaka malo okhudza pansi akwane timabokosi 27 kapena 28, kukula kwake ngati nkhope ya bokosi la machesi ndi theka. Kasitomala akatsika, malowo amachepa okha. Mukakweza matumba atatu a makala, mumawonjezera mpweya. Mukafika pamchenga wa kunyanja, mumaphwetsako pang'ono kuti tayala litambalale lisatitimire. Tayala limodzi lomwelo, ntchito zitatu, ndipo chosinthira chake ndi pampu basi. Losapopa limabadwa ndi kuuma kumodzi mpaka kutha kwake.

Onjezani kuti mpweya sulemera ndipo sugulidwa. Chilichonse cholowa m'malo mwake chimalemera, ndiponso chimakhala kunsonga kwa wilo, komwe kulemera kumamveka kwambiri ponyamuka.

Njira zimene anthu ayesa

Yosavuta kwambiri ndi labala yekhayekha, ndipo sinafe ayi. Ili pa magalimoto onyamulira katundu m'mafakitale aja amati forklift, pa tingolo ta m'masitolo, pa mawilibala ena ndi pa njinga zambiri za anthu aulumali. M'migodi ndi m'malo omanga amatenganso tayala wamba n'kulithira mankhwala a polyurethane amene amauma mkati n'kukhala ngati labala wofewa. Zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi: zimayenda pang'onopang'ono. Mukathamangitsa tayala lotere, kutentha kumaunjikana mkati mwake chifukwa labala satulutsa kutentha msanga, mpaka limayamba kuwonongekera mkati.

Pa njinga, njira yofala ndi ya siponji yolimba yokhala ndi timphako tating'onoting'ono totsekeka. Kunena zoona mpweya ulimo ndithu, kungoti wagawidwa m'tizipinda tosawerengeka, moti munga ukabaya umangoboola tochepa. Kampani ya ku South Korea yotchedwa Tannus ndi imene imadziwika kwambiri ndi matayala otere. Chifukwa mulibe mpweya woti ukanikize tayala ku limu, amaligwiritsa ndi timapini tapulasitiki todutsa chopingasa n'kukolekera m'mphepete mwa limu. Kuliveka ndi ntchito yotulutsa thukuta, ndipo kukula kwa limu kuyenera kugwirizana ndi timapinito ndendende. Nayo kampani ya ku Germany ya Schwalbe inatulutsa lake mu 2018, lokhala ndi chubu cholimba chopangidwa ndi timibulu ta polyurethane, zofanana ndi zimene zimaikidwa kupansi kwa nsapato zina zothamangira.

Kumene matayala otere anachuluka zedi ndi ku China, pa njinga zobwereka za m'misewu. Kampani ya Mobike itayamba kubwereketsa njinga ku Shanghai mu 2016, njinga zake zinali ndi matayala osapopa. Okwera ankadandaula kuti ndi zolemera, koma kwa eni ake masamu anali oonekeratu. Munthu amakwera mphindi zochepa n'kuisiya pakona. Kutopa kwake kumatha msanga, pomwe kutumiza wantchito kukasaka njinga imodzi yakuphwa mu mzinda waukulu chotere ndi ndalama. Wotopa ndi wina, wopulumutsa ndalama ndi wina. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso.

Njira yachitatu ndi yochenjera kuposa zonsezi, ndipo ndi imene imaoneka pa zithunzi za pa intaneti: wilo loti ukuona kuseri kudzera m'mbali, lokhala ndi nthiti zopindika pakati pa habu ndi chopondera pansi. Michelin inaonetsa lake mu 2005 n'kulitcha Tweel. Pongoliona munthu angaganize kuti nthiti za pansi ndi zimene zikusenza galimoto, koma si choncho. Kunja kuli mkombero wolimba umene umaphwatalala pang'ono pokhudza pansi. Nthiti za pansi zimangopindika osasenza kanthu kwenikweni, ndipo katundu amalendewera ku nthiti za pamwamba ndi za m'mbali, zimene zimakokeka. Ndi njira yoyesera kutengera zimene mpweya umachita, kugawa katundu kuzungulira wilo lonse m'malo mosiyira kachigawo kamodzi. Mu 2014 Michelin inatsegula fakitale ya Tweel ku South Carolina m'dziko la America, ndipo amene amagula ndi eni makina otchetchera kapinga, timathirakitala tonyamulira dothi ndi tingolo ta m'mabwalo a gofu. Bridgestone ya ku Japan inaonetsa lake ku Tokyo mu 2011, kenako la njinga mu 2017.

Pa galimoto zoyenda mumsewu waukulu nkhani yakhala ikukokeka. Mu 2019 Michelin ndi kampani yopanga galimoto ya General Motors analengeza tayala lotchedwa Uptis, la nthiti za labala wosakaniza ndi ulusi wagalasi, n'kunena kuti likhoza kufika pa galimoto wamba pofika 2024. Michelin inati matayala pafupifupi 200 miliyoni amatayidwa chaka chilichonse nthawi yake isanakwane chifukwa cha kubooka, kuwonongeka pamsewu kapena kuyenda ndi mpweya wosakwanira. Mu 2023 Uptis inayamba kuyesedwa pa galimoto zoperekera katundu za DHL ku Singapore ndi za positi ya ku France. Chaka cha 2024 chinadutsa tayalalo lisanafike m'masitolo. Mavuto ake ndi odziwika: kutentha pa liwiro lalikulu, phokoso ndi kunjenjemera, kulemera, mtengo, ndiponso malamulo a matayala amene analembedwa poganizira opopa. Palinso vuto limene aliyense amene anayendapo m'dzinja pamsewu wafumbi angaliganize msanga kuposa injiniya wa kulikulu la Michelin ku France. Matope akalowa pakati pa nthiti zija n'kuumira mbali imodzi, wilo silingazungulire mofanana, chiwongolero chimayamba kuvina.

Malo amodzi kumene mpikisano kulibe ndi kunja kwa dziko lino. Kumwezi masana kumatentha kupitirira madigiri 100, usiku kumazizira kupitirira madigiri 150 pansi pa ziro, ndipo kulibe mtengo wa mango wokhala ndi wokonza pansi pake. Kagalimoto kamene anthu a Apollo 15 anayenda nako kumeneko mu 1971 kanali ndi mawilo a waya wachitsulo wolukidwa ngati dengu, okhala ndi timapale ta titanium togwirira dothi. Galimoto yofufuzira yopanda munthu yotchedwa Curiosity, yomwe inatera pa pulaneti la Mars mu 2012, ili ndi mawilo a aluminiyamu wopyapyala kosafika milimita imodzi, ndipo pofika 2013 miyala yakuthwa inali itayamba kuwaboola. Akatswiri a NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a kumlengalenga, anapanga wilo lolukidwa ndi waya wa nitinol, chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium chimene chimapindika kwambiri n'kubwereranso momwe chinalili. Kampani ina yaing'ono ya ku America, The SMART Tire Company, inatenga lusoli n'kulengeza mu 2021 tayala la njinga lotchedwa METL, lomwe mkati mwake muli sipuling'i ya nitinol. Mwa onse osapopa, lingaliro limeneli ndi limene limandikopa, chifukwa chitsulo chimabweza mphamvu bwino kuposa siponji. Koma mtengo umene analengeza wa matayala awiri unali madola mazana angapo, ndalama yoti kuno mugula njinga zingapo zathunthu.

Tibwerere pansi pa mtengo paja. Kodi wakabaza uja lingamuthandize? Ine ndikuti ayi, bola mmene zinthu zilili pano. Kumbukirani masamu a Mobike: kumeneko wotopa ndi wopulumutsa ndalama anali anthu awiri osiyana. Pa kabaza ndi munthu mmodzi. Kuphwa kwa tayala kumamudyera theka la ola mwa apo ndi apo, pomwe tayala lolemera kupalasa limamudya pa kilomita iliyonse, kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ndipo injini yake ndi nsima. Kasitomala wokhala pa kaliyala, pamwamba penipeni pa wilo lakumbuyo, amamva mwala uliwonse ngakhale pali khushoni, ndipo mawa akwera ya wina. Kugunda kumene mpweya ukanameza kumapita ku masipoko ndi limu, moti ndalama imene mwapulumutsa pa zigamba mukaisiya kwa wokonza yemweyo, akumanga masipoko. Ndipo siponji ikasenza katundu wolemera tsiku ndi tsiku imafika pophwatalala osabwereranso, pamenepo palibe chomata, n'kugula lina basi. Chubu chimamatidwa kambirimbiri, ndipo chikatheratu chimadulidwa malegeni omangira katundu pa njinga yomweyo.

N'zochititsa chidwi kuti bungwe la World Bicycle Relief, lomwe linayamba mu 2005 ndipo limapanga njinga za Buffalo zimene timaziona ku Malawi ndi ku Zambia, linakonza njinga yake poganizira misewu yoipa ndi katundu wa makilogalamu 100 pa kaliyala, komabe linasiya matayala opopa, kungowalimbitsa. Ndi njira imene makampani ambiri atsata: mpweya ukhale, koma munga uvutike kuufika. Schwalbe yomwe ija ili ndi tayala lotchedwa Marathon Plus lokhala ndi labala wapadera wochindikala mamilimita 5 pansi pa chopondera. Ena achotsa chubu n'kuthira madzi omata m'tayala, oti munga ukabaya amathamangira pabowo n'kuuma. Galimoto zina zili ndi matayala a m'mbali molimba oti ataphwa umayendabe makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losapitirira makilomita 80 pa ola. Okonza njinga athu nawo anatulukira zawo kalekale: amadula chubu chakale, kapena chopondera cha tayala lakutha, n'kuchiyala mkati pakati pa tayala ndi chubu chatsopano. Njinga imalemerako pang'ono, minga yaifupi n'kumathera m'njira.

Kumene ndikuona kuti losapopa lili ndi malo ndi pa zinthu zimene zimayenda pang'onopang'ono, kapena zimene kuphwa kwake ndi tsoka lenileni. Wilibala ya pamalo omanga, pomwe misomali ili mbwee. Njinga ya munthu waulumali amene sangatsike n'kuikankha kupita kwa wokonza, ngakhale nayenso amalipira ndi mapewa popalasa. Chimene chimandivuta kugamula ndi ambulansi ya njinga, kangolo kokhala ndi machira kokokedwa ndi njinga kamene kamapezeka m'midzi ina yakutali ndi chipatala. Kangoloko kamatha milungu kali chiimire, ndipo chubu, ngakhale chosabooka, chimataya mpweya pang'onopang'ono kudzera mu labala momwemo. Usiku umene mayi wayamba kumva kupweteka ndi womwe mumapeza matayala ali pansi, pampu anabwereka wina. Pamenepo tayala losapopa likanakhala chipulumutso. Koma mayi yemweyo agona pa machirawo makilomita 10 kapena kupitirira pamsewu wamabampu, ndipo mwala uliwonse umene mpweya ukanameza aumva yekha. Akanandifunsa a komiti ya m'mudzi, ndikanati matayala a kangoloko akhale opopa, otambalala ndi olimba, pampu imangiriridwe ku felemu ndi tcheni, ndipo pakhale munthu mmodzi woti Loweruka lililonse aziwafinya ndi chala.